ZA NKHALAMBA ZA KU NANCHOLI: MAU ONENEDWA PA MSONKHANO WA BUNGWE



 Komiti inatituma kuti tiyende m'makomo a kuno ku Nancholi ndi kuona m'mene akhalira anthu okalamba kwambiri, ndipo tinayenda. Tsono mau amene tinena lero ndiwo a zimene maso athu anaona, pamodzi ndi zina zimene tinawerenga m'malamulo a dziko lino. Mlembi adzawaika m'kalata ya Bungwe, kuti Mafumu amene sanathe kufika awamvenso kwao.

Poyamba tilongosole za anthu amene tiwanena. Lamulo la Okalamba, limene Nyumba ya Malamulo inabvomereza mu 2024, liyesa munthu wokalamba kuyambira zaka 60. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni m'Malawi, ndipo mwa anthu 100 ali onse, ngati asanu okha ndiwo anafika zaka zimenezo. Komatu munthu wa zaka 60 akali ndi mphamvu zake: alima, akwera minibasi, agulitsa makala, ndipo ena a iwo akhala m'chipinda chino natsutsana nafe bwino lomwe. Ife tinena za iwo amene anapitirira zaka 80 ndi 90, amene ndodo yokha siiwakwaniranso, amene dziko lao lachepa kufikira latsala mphasa, khonde ndi njira ya ku chimbudzi. Ena tiwaitana agogo, ena anganga, ena ambuye, monga mwa mitundu yathu. Koma mabvuto ao ndi amodzi.

Ambiri a iwo sadziwa chaka chimene anabadwa, ndipo zaka zolembedwa pa ziphaso zao za unzika, zimene Boma linapereka kuyambira mu 2017, zinali zongoyerekeza. Ife tinapeza njira ina yowerengera. Tinawafunsa za njala ya mu 1949, imene inasautsa kwambiri boma lino la Blantyre, makamaka cha ku Lunzu. Amene ati, "Ndinali wamkulu wotha kubereka mwana kumbuyo pokakumba mizu," ameneyo anabadwa cha mu 1940 kapena kale pang'ono. Amene anali pabanja pamene Boma la Atsamunda linagwira anthu pa 3 Malichi 1959, ameneyonso zaka zake zidziwika. Ndipo pano tionjeze mau amodzi. Mai wina wophunzira wa ku Mangalande, Megan Vaughan, analemba buku mu 1987 la njala imeneyo, atafunsa anthu a m'midzi ya kuno. Ndipo anapeza kuti amene anabvutika koposa anali ana ang'ono, akazi amene amuna ao anawathawa, ndi nkhalamba. Ana amene anapulumuka chaka chimenecho ndiwo nkhalamba zathu za lero. Anaona ndi maso ao chimene chichitikira wokalamba pamene chakudya chichepa m'nyumba, ndipo sanaiwale. Chifukwa chake ena a iwo abisa chigumu pansi pa mtsamiro, ndi kukana kunena kuti adwala, kuopa kuyesedwa katundu.

Mafumu athu adziwa bwino kutiposa ife m'mene mudzi unasungira nkhalamba kale. Mai wokalamba anali ndi kuka kwake, ndipo atsikana a mbumba yake anagona komweko. Iwo anamtungira madzi, namkolezera moto, namtsogolera kunja usiku. Iyenso anawalangiza ndi kuwaimbira nthano. Mwini mbumba, ndiye malume, anayang'anira kuti denga lisadonthe. Sitinena kuti zonse zinali zokoma masiku amenewo, iai. Koma panali munthu wodziwika amene mudzi ukanamfunsa ngati nkhalamba yagona ndi njala. Kuno ku Nancholi tiri anthu osonkhana: wina wa ku Thyolo, wina wa ku Chiradzulu, wina wa ku Chikwawa, wina wa ku Ntcheu. Mzinda wa Blantyre unali ndi anthu oposa 800,000 mu 2018, ndipo ambiri akhala m'nyumba za lendi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, m'mene mulibe malo a kuka. Malume ali kutali. Mwana wamkazi achoka mbandakucha kukachapa kwa mabwana ku Sunnyside kapena kukagulitsa ku msika wa Limbe, nabwera kutada. Ndipo satero mwa nkhanza, koma kuti pakhomo pakhale ufa.

Palinso chinthu china chimene chinathyola mzere wa kusungana. Matenda a Edzi, amene anayamba kudziwika m'dziko muno mu 1985, anatenga amuna ndi akazi a msinkhu wogwira nchito zaka zambiri mankhwala a ulere asanafike mu 2004. Amai amene anali ndi zaka 60 masiku amenewo anaika ana ao m'manda, nalera adzukulu ndi ndalama za zitumbuwa. Tsopano amaiwo ali ndi zaka zoposa 80, ndipo adzukulu aja anakula napita, wina ku Lilongwe, wina ku Joni. Tinalowa m'nyumba ina m'mene agogo anationetsa zithunzi za adzukulu asanu amene anawaphunzitsa sukulu, ndipo madzi amene tinapeza m'ndowa mwao anawatungira mwana wa mnansi wosakhala mbale wao.

Tinene tsono za tsiku la munthu wotere, pakuti ife amphamvu sitiliganizira. Malo athu ano ndi a zitunda ndi zigwa, ndipo njira zake ziri ndi miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Madzi agulidwa pa kiyosiki, ndipo ndowa ya malita 20 ilemera makilogalamu 20. Mai wa zaka 85 sangathe kuisenza, chotero amwa pang'ono, nasamba mwa kamodzikamodzi. Chimbudzi chiri kunja, ndipo ncha dzenje, chofuna kunjuta. Mawondo ake sapindika, ndipo akanjuta sadzukanso. Chifukwa cha ichi ena aleka kumwa madzi madzulo, ndi kudya pang'ono dala, kuti asabvute anthu usiku. Chinthu ichi chikonzeka ndi matabwa anai: mpando wobooledwa pakati, ndi mtengo wogwirira wokhomedwa pakhoma. M'Bungwe muno muli akalipentala atatu.

Mano anatha, chotero nsima yolimba ndi usipa wouma sizipita. Afuna phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, mbatata yofewa, dzira, nthochi, masamba ophika bwino, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Thupi lokalamba silisunga kutentha, ndipo pamene Chiperoni chigwa mu Juni ndi Julai, wogona pansi pa simenti ndi chitenje chimodzi agwidwa ndi chibayo. Ena aika mbaula ya makala m'chipinda natseka zitseko ndi mazenera. Tipempha kuti mwambo umenewu uleke, pakuti makala atulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene upha munthu m'tulo. Ndipo amene agona osadzuka, chifukwa cha kufa ziwalo kapena kuthyoka pfupa la m'chiuno, ayenera kutembenuzidwa maola awiri ali onse ndi kusungidwa wouma, pakuti akagonera mbali imodzi khungu liboola pa matako ndi pa zidendene, ndipo zilonda zimenezo zichira mobvuta. Tinapeza mabanja amene akonda kholo lao ndithu, koma panalibe anawauza ichi.

Za chipatala tinena mwachidule. Mankhwala a m'zipatala za Boma salipidwa, koma njira ilipidwa. Nkhalamba siingathe kukwera kabaza wa njinga yamoto, ndipo galimoto siifika pakhomo. Chotero ayenera kuberekedwa kufikira ku mseu wa Chikwawa, kenaka minibasi ziwiri, ndi womperekeza ataye tsiku lake la nchito. Chifukwa chake matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga, amene afuna mankhwala a masiku onse, alekedwa kufikira munthu agwa. Koma chimene chinatiwawa koposa ndi khungu la maso. Ambiri amene tiwayesa akhungu a ukalamba ali ndi ng'ala chabe, ndipo ng'ala ichotsedwa. Pa chipatala cha Queen Elizabeth pali nyumba ya maso ya Lions, m'mene madotolo achotsa ng'ala munthu ali maso, osamgoneka tulo, ndipo m'mawa mwake amasula nsalu, munthu naona. Tinakumana ndi bambo wina amene akhala mumdima zaka zinai, poopa mau a anzake akuti akakachita opaleshoni adzamchotsa diso.

Tsopano, Mafumu athu, tifika pa mlandu waukulu, ndipo tipempha kuti mutimvere moleza mtima, ngakhale mau ena adzakhala olemera.

Pali nthenda ya ubongo imene igwira anthu okalamba kwambiri, imene madotolo aitcha dementia. Mtundu wake wodziwika koposa unalongosoledwa ndi dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse liti anthu oposa 55 miliyoni ali nayo, ndipo ochuluka a iwo ali m'maiko osauka ndi apakati, osati kwa Azungu kokha. Machitidwe ake ndi awa. Ubongo uonongeka pang'onopang'ono, ndipo zoyamba kutayika ndizo za dzulo ndi za lero, pamene za ubwana zitsala. Chotero agogo aiwala kuti adya, nanena kuti mpongozi awamana chakudya. Aiwala pamene anaika ndalama, nanena kuti mdzukulu waba. Alankhula ndi amai ao amene anamwalira kalekale monga ali pomwepo. Dzuwa likapendeka mtima wao ubvutika, nafuna "kupita kwathu," ndiko kumudzi kumene anabadwira. Ndipo usiku atsegula chitseko nayenda, nthawi zina atabvula zobvala pakuti aiwala nchito yake. Mbandakucha apezeka pakhomo pa munthu wina, kapena pafupi ndi manda, ali maliseche, maso ali ofiira ndi utsi wa zaka 70 za kuphika pa mafuwa, osadziwa dzina lao.

Inu nonse mudziwa mau amene khamu linena pamenepo: "Wagwa pa lichero." Ndipo wina akafunsa mokalipa, "Kodi sindiwe unapha mwana wa uje?" nkhalamba yosokonezeka ndi ya mantha ibvomera, pakuti nthenda imeneyi ichititsa munthu kubvomera chiri chonse chimene wamphamvu amuuza. Anthu ati, "Waulula yekha." Kunena zoona sanaulule kanthu, akanamfunsa ngati ndiye anamanga phiri la Soche akanabvomeranso.

Izi zinatsala pang'ono kuchitika pakati pathu nyengo yozizira yapitayi. Mai wina wokalamba anapezeka m'mawa m'mbali mwa mtsinje, ndipo anyamata anayamba kutola miyala. Anampulumutsa ndi mkazi mmodzi wogulitsa mandasi, amene anamasula chitenje chake namfunditsa, nakhala pansi pambali pake, nanena kuti woponya mwala ayambe ndi iye. Madzulo ake anafika mwana wa maiyo, amene anamfunafuna usiku wonse kuchokera ku Manase. Koma kwina sikunapezeke mkazi wa mandasi. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga ku Neno, mphezi inapha mtsikana, ndipo anthu anapha nkhalamba zinai za m'banja lomwelo ponena kuti ndizo zinatumiza mpheziyo. Bungwe la MANEPO, limene lisonkhanitsa mabungwe oyang'anira okalamba m'dziko muno, liwerenga imfa zotere chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri wakupha ndi mbale, mdzukulu kapena mwana wa mlongo.

Sitinabwere kudzatsutsana ndi munthu za ufiti, ngati ulipo kapena kulibe. Ali yense ali ndi mtima wake. Tinena ziwiri zokha. Choyamba, lamulo la mu 1911, limene likali kugwira nchito, liletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, liletsa mwabvi, liletsanso kuitana sing'anga wosaka mfiti m'mudzi.  Chachiwiri, tifunse tokha chifukwa chake mfiti zathu zonse ziri zosauka, zamasiye ndi zopanda mano, ndipo sitinamvepo kuti mwini sitolo wa zaka 40 wagwa pa lichero. Tinayang'ana m'milandu ina imene tiidziwa, ndipo pansi pake tinapeza puloti. Malo akwera mtengo kuno ku Nancholi, ndipo nyumba ya agogo iima pa malo amene wina afuna kugulitsa kapena kumangapo za lendi. Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife tayamba kutentha dambolo kuti tigawane malo ake.

Tionjezepo chenjezo limodzi lothandiza. Nkhalamba imene inali ndi nzeru zake dzulo, nisokonezeka lero mwadzidzidzi, kawirikawiri siiri ndi nthenda ija ya kuiwala, koma malungo, chibayo, nthenda ya m'chikhodzodzo kapena ludzu chabe. Imeneyo ichira ikafika msanga ku chipatala. Ndipo ya kuiwalayo, ngakhale ilibe mankhwala oichiza, ipepuka ngati a pakhomo aleka kukangana naye, namyankha mofatsa, naika belu kapena chitini pa chitseko, nasokera pa malaya ake kansalu kolembedwa dzina la Mfumu ya dera lake.

Za ndalama. Lamulo la penshoni la mu 2011 linakakamiza olemba nchito kusungira anchito ao, koma linafika mochedwa kwa anthu amene tiwanena. Ndipo ambiri a iwo, makamaka amai, sanalembedwepo nchito ya malipiro, ngakhale anagwira nchito masiku onse a moyo wao. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006, athandiza mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu, ndipo nkhalamba zambiri za m'midzi zipuma naye. Koma asankha ochepa, ndipo ukalamba pa wokha sulowetsa munthu m'kaundula. Maiko ena a mu Africa anatenga njira ina. Botswana anayamba mu 1996 kupereka penshoni ya ukalamba kwa nzika zake. Lesotho, dziko laling'ono la mapiri, anayamba mu 2004 kupatsa ali yense wa zaka 70. Zanzibar anatsata mu 2016. Ife tiyesa kuti Malawi angathe kuyamba ngakhale ndi a zaka 80, pakuti ndi owerengeka. Makolo athu a mabungwe akale, monga James Frederick Sangala, kalaliki wa muno m'Blantyre amene anasonkhanitsa mabungwe kukhala Congress mu 1944, analembera Boma za sukulu za ana. Ana amenewo ndiwo tiwalembera ife tsopano.

Pali amuna ena pakati pa nkhalambazi amene anapita ku migodi ya golide ndi Wenela, kumene dzina la siteji ya mabasi ija linachokera. Ulendo umenewo unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, unayambanso mu 1977, nutha mu 1988. Ambiri anabwera ndi pfumbi la miyala m'mapapo. Mu 2019 bwalo lalikulu la ku Johannesburg linabvomereza pangano la R5 biliyoni, ndipo panakhazikitsidwa thumba la Tshiamiso lolipira amene anagwira nchito m'migodi ina ya golide kuyambira mu 1965 nadwala nthenda ya pfumbi kapena chifuwa chachikulu, ndi amasiye ao. Kupempha ndalama zimenezi nkwaulere. Chotero wobwera pakhomo kudzatola "ya fomu" ndi mbala. Mabanja asunge bwino makadi akale a ku mgodi, angakhale ong'ambika. Ndipo tinenenso za lamya za m'manja: mwana atumiza ndalama kuchokera ku Joni mwezi ndi mwezi, nayesa kuti amake adya, pamene nambala yachinsinsi iri ndi mdzukulu amene agula nazo mayunitsi ndi mowa. Ndi bwino pakhale mboni yachiwiri podziwa kuti ndalama zafika.

Ifenso a Bungwe tisadziyese oyera. Tinayang'ana m'buku la msungichuma, ndipo tinapeza kuti zopereka zathu pafupifupi zonse zipita ku maliro: bokosi, galimoto, ufa ndi nkhuni za pa siwa. Tsiku la maliro agogo agona m'nsalu yatsopano ndi bulangete latsopano, zimene sanazione zaka khumi ali moyo. Sitinena kuti maliro achepetsedwe ulemu. Tinena kuti bulangete lomwelo ligulidwe miyezi isanu lisanafunike m'bokosi.

Chotero Komiti iika pamaso panu zopempha izi. Tipempha Mfumu iri yonse ilembe maina a anthu a m'dera lake amene apitirira zaka 80, ndi kuonetsa amene agona okha, amene saona, ndi amene asokonezeka nzeru, ndiponso dzina la mbale amene ayenera kufunsidwa za iye. Kaundula ameneyu afunikanso chifukwa cha mvula: pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa anansi athu a ku Chilobwe mu Malichi 2023, amiyendo anathawa, ndipo osayenda anadikira wowakumbukira. Tipemphanso Mafumu alengeze pa maliro ndi pa misonkhano kuti mlandu wa ufiti sudzamvedwa pa bwalo lao, kuti nkhalamba yopezeka itasochera iperekedwe kwa Mfumu kapena ku polisi osakhudzidwa, ndi kuti puloti ya munthu wokalamba isasainidwe kugulitsa iye mwini asanafunsidwe pamaso pa mboni zosakhala olowa nyumba ake. Mlembi alembe kalata kwa Bwana DC ndi ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu, yopempha penshoni ya ukalamba, ndi kuti azaumoyo a m'dera afike m'nyumba za osayenda kudzayesa magazi ndi maso.

Zotsalazo ndi zathu. Komiti iti pa kwacha iri yonse yolowa m'thumba la maliro, gawo lachinai lipatulidwe kugulira mabulangete ndi matabwa a mipando ija, ndi kulipira galimoto yotengera a ng'ala ku Queens onse pamodzi tsiku limodzi. Amai a mabungwe a m'mipingo ndi a m'mizikiti abvomera kale kugawana makomo, kuti pakhomo pali ponse pa nkhalamba yogona yokha pafike munthu kawiri pa sabata. A Wapampando, tipempha kuti mau a gawo lachinai aponyedwe voti lero lomwe tisanabalalike, ndi kuti Mafumu abwere ndi maina pa msonkhano wa mwezi wamawa, kuti mabulangete agulidwe Meyi asanathe.